Njovu Imene Atate Anainamizira

Ndikukumbukira bwino chaka chimene njovu zinadya chimanga chathu kawiri, koyamba m'munda, kachiwiri m'nkhokwe. Kwathu ku Kakumbi nkhani yotere munthu saimitsira njinga pamsewu kuti aimve. Njovu ndi anansi athu, kungoti sizibwereka, zimangotenga. Koma chaka chimenecho zinapitirira muyeso. Zitadya theka la munda, zinatisiya kuti tikolole chotsalacho, tisenze pamutu, tithire m'nkhokwe, kenaka zinabwera kudzaona ntchito yathu. Mmawa tinapeza nkhokwe itagona chammbali, denga lake lili m'mwamba mu mtengo wa mango, ndipo pakati pa bwalo panali mulu wa ndowe wofunda, wodzaza njere za chimanga chathu chomwe.

Atate anaima pamenepo nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Sanatukwane, poti anali mkulu wa mpingo. Anayamba vesi lija la munthu wopirira amene anataya zonse tsiku limodzi, koma analekezera pakati, pamene pamanena za kupatsa. Za kutenga ndi za kutamanda anamalizitsa amayi, akutola njere m'fumbi.

Atate anga, aSakala, ankadziwika ndi zinthu ziwiri, Chingerezi ndi choonadi. Chingerezi anachitola ali mnyamata, akunyamulira katundu alendo oyenda pansi m'nkhalango kukaona nyama. Choonadi sindidziwa kumene anachitola, koma chinkatisautsa tonse m'nyumba. Mlendo akafika amayi atabisala chifukwa chotopa, atate ankati, “Alipo, ali kuseri kwa chitsekocho.” Lamulungu lililonse ankatiphunzitsa ife ana pansi pa mtengo, ndipo pa malamulo khumi aja limene ankalikonda kwambiri linali loletsa kunamizira mnzako. Ankati bodza lilibe mwana, lonse limabadwa lalikulu. Ine ndinali mu giredi faifi, ndipo ndinkakhulupirira Mulungu makamaka chifukwa atate ananena kuti aliko. Munthu amene sangabise mkazi wake kuseri kwa chitseko sangapeke nkhani ya kumwamba.

Filimu inabwera ndi amalume aFakisoni, mlongo wawo wa amayi, amene ankasita zovala ku loji ina m'mbali mwa Luangwa. Banja lina la alendo linasiya tepi ya vidiyo pansi pa bedi. Ana awo anaionera kamodzi, ndipo palibe anaifunsanso. Ichi ndicho chinthu choyamba chimene muyenera kudziwa za filimuyi: ngakhale eni ake sanaibwerere. Pa chikuto chake panali njovu yaikazi ya mnyanga umodzi wothyoka, yojambulidwa ndi manja, itaima pafupi ndi mpanda wa waya.

Amalume anapempha kuti ionetsedwe m'tchalitchi, chifukwa ndi mokhamo munali mabenchi. Nkhaniyo inafika kwa akulu. Amake Jesi, amene ankatsogolera chigwirizano cha amayi ndiponso zinthu zina zambiri zimene sanasankhidwire, anakana. Anati anamva kuti m'makatuni nyama zimalankhula, ndipo nyama yolankhula kwathu kuno tonse tikudziwa mwini wake. Atate anayankha kuti ngakhale m'Malemba bulu anatsegulapo pakamwa, ndipo analankhula zanzeru kuposa amene anamukwera. Amake Jesi anati bulu uja analankhula kamodzi kokha, osati ola lonse. Komabe akulu analola, ndipo anasankha atate kuti aime kutsogolo azimasulira, popeza filimuyo inali m'Chingerezi.

Linali Loweruka, fotini awazi, ndiye kuti thu koloko masana, mwezi wa Okutobala, nthawi imene m'chigwa muno ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Tivi tinabwereka kwa aphunzitsi, jenereta kwa munthu wina wa golosale. M'mawindo tinatseka ndi mabulangete kuti chithunzi chioneke, ndipo tchalitchi chinasanduka ng'anjo. Munkanunkha thukuta, mafuta odzola ndi utsi wa petulo umene unkalowera pansi pa chitseko. Ife ana tinakhala pansi kutsogolo, miyendo itamatirira pa simenti. Amalume anakhala kumbuyo pafupi ndi khomo kuti aziyang'anira jenereta. Atate anaima pambali pa tivi atavala jekete, atagwira kamtengo kolozera.

Nkhani ya filimuyo ndi yaifupi. Kunali chilala. Njovu ya mnyanga wothyoka ija inkatsogolera gulu lake kupita ku dziwe limene makolo ake ankamwako, ndipo inapeza mlimi wina wolemera atatchinga njira ndi mpanda wa waya, dziwe lili mkati. Mlimiyo anamujambula ndi mimba yaikulu ndi nsidze zokumana pakati, ndipo akangotulukira nyimbo inkasintha n'kukhala yoopsa. Aliyense padziko lapansi akanadziwa kuti uyu ndiye woipa. Aliyense kupatula anthu a ku Kakumbi.

Njovu zitangoonekera, tchalitchi chonse chinabuula. “Awo, abwera,” anatero munthu wina kumbuyo. “Zitini zozithamangitsira zili kuti?” Mlimi atatulukira, anthu anaomba m'manja. Amuna anayamba kuwerenga mizere ya waya pa mpanda wake ndi kugwedeza mitu posirira. Atayamba kukumba dzenje lalikulu panjira ya njovu, amake Jesi anati, “Ameneyo ndiye mwamuna. Amuna athu kuno angodziwa kuimba zitini.”

Poyamba atate ankamasulira bwinobwino. Kamwana ka njovu kanalankhula, iwo anati, “Kakuti, mayi, ndili ndi ludzu.” Wina anafuula, “Ludzu la chimanga!” ndipo anthu anaseka. Ndinaona atate akumwetulira pang'ono. Kenaka njovu yaikulu ija inafika pa mpanda, inaweramitsa mutu pamaso pa mlimi, n'kulankhula mawu ambiri motsitsa. Atate anayang'ana anthu amene onse, nyumba ndi nyumba, anali atadyeredwapo. Ndiyeno anati, “Ikuti, tidya zonse, ngakhale za mbewu.”

Phokoso lake mabulangete anagwedezeka. Kuyambira pamenepo atate anatsetsereka ngati njinga yopanda mabuleki. Kamwana kaja kakayang'ana mayi wake ndi maso a misozi, iwo ankati, “Kakufunsa kuti nkhokwe ili mbali iti.” Njovu zikasonkhana pansi pa mtengo wouma, ankati, “Apa zikugawana minda.” Anthu ankagwira m'mimba. Atate nawonso ankaseka, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akuseka chigwere nkhokwe. Ndinacheuka kuyang'ana amalume, amene Chingerezi ankachimva tsiku lililonse. Anali kuyang'anitsitsa chingwe cha jenereta ngati muli nkhani yofunika.

Chakumapeto mvula inagwa mwadzidzidzi, ndipo kamtsikana ka mlimi kanaterereka n'kugwera m'dzenje limene atate wake anakumba. Madzi anayamba kudzaza. Njovu ija inafika, inagwada m'mphepete, inatambasula chitamba pang'onopang'ono, nsonga yake ikufufuza nkhope ya mwanayo, kenaka inamukulunga m'chiuno. Inalankhula mawu awiri atatu. Atate anakweza kamtengo kawo. “Ikuti, lero ndakupeza.”

Pomwepo jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima. Petulo anali atatha. Tinakhala mumdima wa mabulangete, ndipo mawu a amake Jesi anamveka bwinobwino: “Yamupha.” Anthu anatuluka akupukuta thukuta, okhutira ndithu. Ankati ndi filimu yabwino, yophunzitsa, ndipo azungu tsopano ayamba kumvetsa.

Ine sindinakhutire. Chingerezi changa chinali chochepa, chokwana kupempha kutuluka m'kalasi basi. Koma njovu ndinkazidziwa, ndipo amene anandiphunzitsa anali atate omwewo. Anandiuza kuti njovu ikatambasula makutu n'kukweza mutu ndiye kuti ikungokuopseza, koma ikapinda chitamba n'kutsitsa mutu, usafunse, thawa. Ndipo tsiku lina tili pa gombe la Luangwa anandionetsa njovu yaikazi ikutulutsa mwana wake m'matope. Inachita chimodzimodzi ngati ya m'filimu ija: kutambasula chitamba mwaulemu, kufufuza kaye, kenaka kukulunga. Amene anajambula filimuyo anali ataonapo zimenezo. Atate nawonso anali ataonapo.

Ndinayamba ndafunsa amalume. Anati, “Mwana wa mlongo wanga, ine ntchito yanga ndi kusita malaya. Kafunse alamu angawo.”

Lachiwiri atate anali kumanganso nkhokwe, ine ndikuwapatsira luzi. Ndinafunsa ndikuyang'ana pansi.

“Atate, njovu yofuna kupha munthu imagwada?”

“Imagwada, ikafuna kumupsinja.”

“Nanga chitamba? Imachitambasula pang'onopang'ono?”

Anamanga mfundo imodzi, ndi inanso pamwamba pake yosafunikira. “Enelesi, zija ndi zojambula chabe.”

“Ndiye kunamizira chojambula si bodza?”

Sindinafunse mwachipongwe. Ndinkafuna kudziwa pamene pali malire, chifukwa mwana wa zaka khumi ndi chimodzi malire otero amamuthandiza. Atate anangoti ndiwapatse luzi lina, pamene m'manja mwawo munali kale luzi.

Lamulungu lotsatira kunali Mgonero, ndipo atate ndiwo ankatiphunzitsa kuti munthu asayandikire gome la Ambuye ali ndi bodza m'kamwa. Ndinaganiza mumtima mwanga, osauza munthu: akalandira chikho osanena kanthu, ndiye kuti zonse zimene amatiuza pansi pa mtengo zili ngati kumasulira kuja, zimasintha malinga ndi amene akumvetsera. Sabata imeneyo ndinapemphera pang'ono kwambiri. Sindinkadziwa ngati kumene ndikutumiza mawuwo kuli munthu.

Lamulungu, zolengeza zitatha, mlaliki anafunsa mwa mwambo ngati pali wina ali ndi mawu tisanayandikire gome. Funso limeneli nthawi zonse linkayankhidwa ndi kutsokomola. Atate anaimirira, anakonza jekete.

“Abale ndi alongo, ine ndinachita umboni wonama m'nyumba ino.”

Amayi anandigwira dzanja mwamphamvu. Mlaliki anafunsa motsitsa, “Munanamizira yani, aSakala?”

“Njovu.”

“Njovu yake iti?” anafunsa amake Jesi. “Ija inakugwetserani nkhokwe?”

“Iyayi. Ya mu tivi.”

“Yabwera kudzadandaula?”

Anthu anaseka mpaka mlaliki anabisa nkhope kuseri kwa buku la nyimbo. Atate sanaseke. Anadikira kuti phokoso lithe, monga mmene ankadikirira ife ana.

“Sinadandaule. Koma munandiimika kutsogolo kuti ndikhale pakamwa pa amene simukumumva, ndipo ine ndinaika mawu anga m'kamwa mwake chifukwa ndinali ndi mkwiyo. Inu munakondwa, inenso ndinakondwa. Mwana wanga anaona. Lero chikho chindipitirire. Loweruka mubwerenso, ndidzamasulire zimene inanenadi.”

Chikho chinawapitiriradi. Anakhala manja ali pa maondo, mutu uli pansi, mkulu wa mpingo wathunthu, chifukwa cha njovu ya pa pepala. Lachinayi tambala wathu wamkulu anapita kwa mwini jenereta ndipo sanabwerere. M'malo mwake kunabwera chigubu cha petulo. Amayi anati m'nyumba muno njovu zadya chimanga, tsopano zadyanso tambala.

Loweruka tchalitchi chinadzaza kuposa poyamba, poti anthu ankafuna kuona mkulu wa mpingo akulapa pamaso pa tivi. Atate anaima pamalo pomwe paja, opanda kamtengo. Njovu itafika pa mpanda anati, “Ikuti, njira iyi anadutsamo amayi anga ndi amayi awo. Mbewu zako sitikuzifuna. Tikupempha madzi okha, chifukwa ana athu akugwa panjira.”

“Njovu yosafuna chimanga?” anatero munthu wina. “ASakala, bodza ndi ili. Choonadi chinali chija.”

Atate anapitiriza. Kamwana kaja sikankafunsa za nkhokwe, kankafunsa ngati kudziwe n'kutali. Njovu pansi pa mtengo wouma sizinkagawana minda, zinkakambirana zoti nkhalamba imodzi yatopa ndipo ziidikire. Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, aliyense akukweza bulangete la pakhomo n'kulowetsa kuwala. Tinafika pa dzenje paja. Njovu inakulunga mwanayo. “Ikuti, gwira zolimba, usaope.” Inamukweza, n'kumuika pa udzu pamapazi pa atate wake.

Amake Jesi anaimirira, anamanga chitenje. “Amene anajambula izi sanalimepo,” anatero, n'kutuluka.

Tinatsala ochepa: ine, amayi, amalume, ana angapo, ndi madala awiri amene anagona kuyambira pachiyambi. Tinaona mlimi uja akudula waya n'kusiya kanjira kopapatiza m'mphepete mwa munda kolowera kudziwe. Mpanda wonse sanaugwetse. Pomaliza iye ndi njovu anaima moyang'anizana, wina mbali iyi ya waya, wina mbali inayo. Atate anayang'ana tivi, kenaka anayang'ana ine.

“Mlimi akuti, zimene unandidyera sindinaiwale. Koma zimene sunachite sindidzakuneneranso.”

Madzulo amenewo ndinapemphera nthawi yaitali, ndipo ndinadziwa kuti mawu anga akufika. Mgonero wotsatira atate analandira chikho. Tepi ija palibe anaipemphanso. Mpaka lero ku Kakumbi mukafunsa achikulire, adzakuuzani kuti filimu ija inali yabwino ulendo woyamba, koma aSakala anaiwononga.

Ine ndimaikonda, ndipo ndikudziwa kuti tilipo ochepa. Ilibe nyimbo zoti ana aziimba panjira. Palibe nyama yovala chipewa kapena yogwa pamtengo kuti anthu aseke. Mitundu yake ndi ya chilimwe chathu chino, fumbi, udzu wopsa ndi thambo loyera ngati phulusa. Imayenda pang'onopang'ono monga mmene njovu yaludzu imayendera. Kamwana ka njovu sikadziwa kugwiritsa ntchito chitamba chake, kamachiponda, kamamwa madzi chogwada ndi pakamwa, ndendende mmene timazionera kumtsinje. Ndipo mlimi uja, ngakhale anamupatsa nsidze zoipa, pali pamene amakhala yekha m'munda akufikisa dothi louma m'manja. Iyenso ankaopa njala. Amake Jesi analakwitsa pamenepo: wina mwa ojambulawo analimapo, kapena anali ndi atate olima. Filimuyi sinena kuti njovu ndi mngelo. Imangonena kuti ludzu ndi limodzi mbali zonse ziwiri za waya, ndipo Mlengi wa onse awiri ndi mmodzi.

Masiku ano zinthu zinasintha. M'nyumba zambiri muli sola, ndipo ana amaonera makatuni pa foni atagona chagada, aliyense payekha, popanda mabulangete m'mawindo, popanda munthu woima pambali kuwauza zimene zikunenedwa. Chaka chatha mwana wanga wamkulu, Dalitso, anandipezera filimu ija pa foni yake, nditamufotokozera za mnyanga wothyoka. Ndinaitana ana anga onse kuti tionere limodzi. Sipanapite nthawi, wina anakumbukira kuti sanatsekere mbuzi, wina anagona. Ndinatsala ndekha, monga mwa mwambo wa filimuyi.

Chingerezi tsopano ndimachimva, ndipo ndinatchera khutu ngati woweruza. Kumasulira kwachiwiri kwa atate kunali koona, mzere ndi mzere, mpaka pa dzenje, mpaka pa kudula waya. Kenaka ndinafika pomaliza paja, mlimi ndi njovu atayang'anizana, ndipo ndinadikira mawu aja amene ndawasunga zaka zonsezi. Sanabwere. Ndinabweza, ndinakweza mawu, ndinaika foni pakhutu. Pamenepo palibe amene amalankhula. Pamangomveka mphepo ndi waya ukulira pang'ono.

Ndinakhala kaye ndikuganiza ngati limeneli linali bodza lachiwiri. Atate anatisiya kale, sindingawafunsenso ndikuwapatsira luzi. Koma ndikukumbukira kumene anayang'ana polankhula. Sankamasulira mlimi wa mu tivi. Panali mlimi wina m'tchalitchimo, wovala jekete.

Njovu sanazikonde mpaka imfa yawo, ndisawanamizire. Anaziimbira zitini ndi kuzifukizira tsabola mpaka chaka chimene miyendo inakana. Nanenso sindizikonda zikalowa m'dimba langa. Mwezi wathawu zinabwera, ndipo mmawa anansi anasonkhana kudzaona. Jesi, amene anatengera amake pakamwa, analoza maungu ophwanyika, kenaka analoza mpanda wanga umene unali utagwa mbali imodzi.

“Taonani, amake Dalitso, zakudyerani maungu, zakugwetseraninso mpanda. Zinyama zopanda chisoni.”

Ndinayang'ana mitengo ya mpandawo, yofumbwa mkati monse.

“Maungu zadyadi,” ndinatero. “Koma mpandawo ndi chiswe.”